Mzere wodukaduka si tala ayi

Inu okapikula nyemba ndi soya kumapiri a Kasakula ku Ntchisi, tamverani. Pa mapu ambiri mzere wonenepa wosaduka ndiwo msewu weniweni. Wodukaduka ndi kanjira kafumbi, mvula ikagwa lole imagona pomwepo, katundu n'kuwola.

Ngakhale makompyuta akale ankadziwa kusiyanitsa. Makina a Tektronix 4014 a mu 1974, akaikidwa kachipangizo kowonjezera, ankajambula mizere yamitundu isanu. Ukatumiza ESC ndi chilembo a umatuluka wamadontho, ESC ndi d wodukaduka motalika. Pulogalamu ya xterm imamvabe zilembozi.

Tsono dalaivala akati "mapu akuonetsa msewu, bwana", ine ndikuti muuone kaye mzerewo musanatulutse ndalama ya mafuta.