Njanji ya ku Chigwa: kukongola kokha sikukwanira

Amene anakwerapo sitima yochokera ku Limbe, kutsika mapiri a Thyolo m'mbali mwa mtsinje wa Ruo mpaka ku Makhanga, saiwala kukongola kwa ulendowo. Njanji yopapatizayi, ya mamilimita 1,067 m'lifupi, inatsegulidwa mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje.

Koma mu 1997 madzi osefukira anaidula pakati pa Makhanga ndi Bangula. Alimi anatsala akudalira mabwato ndi malole okwera mtengo.

Ntchito yokonzanso njanji ya Marka-Bangula yapereka chiyembekezo. Komabe, pokhapokha njanji ya pa Chiromo itamangidwanso pamalo okwera ndi molimba, mlimi wa thonje ku Nsanje sadzatumizanso mbewu zake ku Limbe pa sitima.