Scrabble ifike ku Kawaza

Mu 2003, ku Kuala Lumpur, Panupol Sujjayakorn wa ku Thailand anakhala katswiri wa padziko lonse wa Scrabble, masewera olumikiza zilembo pabolodi kupanga mawu a Chingerezi, atagonjetsa mnzake wakwawo, Pakorn Nemitrmansuk, yemwenso anadzatenga ukatswiriwo mu 2009. Chingerezi si chiyankhulo chawo. Osewera ambiri ku Thailand amaloweza mawu zikwizikwi osalabadira tanthauzo, n'kumawerengera zilembo zotsala m'kathumba. Nzeru zoterezi zilipo kale kuno ku Kawaza. Taonani mwana akusewera nsolo: asanatole n'komwe miyala, wadziwa kale dzenje limene dzanja lake likathere. N'chifukwa chake ndikupempha aphunzitsi athu m'boma la Mambwe kuti apeze bolodi ya Scrabble ngakhale imodzi pasukulu, ana azipikisana Lachisanu masana, chifukwa ku Thailand masewerawa anakulira m'masukulu.

— Mwana wa m'Chigwa