Zipewa zabuluu zimasunga mtendere umene ulipo kale

Mu Novembala 2013 zigawenga za M23 zinagonja kum'mawa kwa DRC. Zinapirikitsidwa ndi asilikali a boma la dzikolo mothandizidwa ndi gulu lapadera la United Nations (UN) momwe munali asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa. Ambiri anati nkhondo yatha. Mu Januwale 2025 M23 yomweyo inalanda mzinda wa Goma, ndipo ena mwa asilikali athu, amene ulendo uno anapita m'dzina la SADC, anabwera kumudzi ali m'mabokosi. Pofika Malichi, SADC inalengeza kuti ntchitoyo yathera pomwepo.

Kulimba mtima sikunasowe. Mu Novembala 2018 kufupi ndi Beni, msilikali wathu Chancy Chitete anaphedwa akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo UN inamupatsa mendulo yake yapamwamba ya kulimba mtima. Chimene chinasowa n'chakuti a ndale ku Kinshasa ndi ku Kigali sanathetse zimene zimabala nkhondoyo: mikangano ya malo ndi mitundu, komanso miyala ya mtengo wapatali yomwe aliyense akuifuna. Mfuti ya mlendo siingagamule milandu yotere.

Ku Mozambique zinayenda mosiyana. Frelimo ndi Renamo, atatopa ndi nkhondo, anasainirana pangano ku Rome mu Okutobala 1992. Asilikali a UN, ovala zipewa zabuluu, anabwera pambuyo pake kudzalondera misewu ikuluikulu, kuyang'anira zotula zida ndi kukonzekera chisankho cha 1994. Anthu pafupifupi 1 miliyoni amene anathawira kuno, m'maboma ngati Nsanje, Ntcheu ndi Dedza, ananyamula katundu wawo n'kubwerera kwawo. Mtendere anaupanga eni ake, alendo anangouchirikiza.

Chaka chomwecho cha 1994 ndi chimene chinavula UN ku Rwanda. Mkulu wa asilikali a UN kumeneko, Roméo Dallaire, anachenjeza likulu ku New York mu Januwale kuti anthu ena akubisa zida zoti aphere Atutsi. Anamuletsa kuzilanda. Kuphana kutayamba mu Epulo, asilikali 10 a ku Belgium ataphedwa, Security Council ya UN inalamula kuti asilikali atsale 270 okha pa anthu oposa 2,000. M'masiku 100 anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa. Ndipo tisaiwale, maiko amphamvu amene amalamula pa nkhani zimenezi kawirikawiri sakhala amene ana awo amakafera kutsogoloko.

Palibe akunena kuti Malawi asiye kuthandiza anansi ake pa mavuto. Koma pempho lina lotumiza asilikali likadzafika, aphungu a Nyumba ya Malamulo adzafunse poyera ngati mbali zolimbanazo zagwirizana kale, ngati ndege ndi zida zokwanira zilipo, komanso tsiku lomwe asilikaliwo adzabwerere. Mayankho akapanda kumveka, asilikali asanyamuke.