Kabati ya magemu yokhoma tokha pakhomo

Mwezi uno tikambirana nkhani imene ena mudabwa kuiona pa tsamba la zaumoyo: kukhoma kabati ya magemu pakhomo. Tikudziwa kuti alipo makolo amene akangomva mawu akuti gemu, nkhope imagwa nthawi yomweyo. Tipirireni abale ndi alongo, muwerenge kaye mpaka kumapeto.

Aliyense woyenda madzulo m'mbali mwa msewu wa M1 kuno ku Luwinga, kapena m'tinjira ta kuseri kwa magolosale, amatidziwa tizipinda tija totchinga ndi nsalu yakuda pakhomo. M'katimo mumakhala TV, PlayStation, benchi imodzi, ndi ana atathithikana, aliyense atafumbata ndalama kudikira nthawi yake. Ndalamayo ina ndi ya mandasi a kusukulu, ina ndi chenji ya sopo imene sinabwerere kwa mayi. Mpweya ndi wochepa, phokoso ndiye losaneneka, ndipo nthawi zambiri khomo loyandikana nalo ndi la mowa kapena la kubetcha mpira. Chomalizachi ndicho chimatisowetsa tulo. Mwana amene wazolowera kupereka ndalama kuti amve kukoma kwa kupambana sachedwa kuwolokera khomo linalo, ngakhale malamulo a dziko lino salola munthu wosakwana zaka 18 kutchova juga.

Makolo ambiri ayesa kuletsa, ena mpaka ndi chikwapu. Chimene mwana amaphunzirapo ndi kunama mwaluso. Ena agonja n'kumupatsa foni, ndiye mwana uja amasowera m'bulangete mpaka pakati pa usiku, palibe akudziwa chimene akuonera. Pakati pa njira ziwirizi pali yachitatu, yomwe mabanja angapo a mumpingo mwathu ayamba kuyesa: kuwabweretsa magemuwo pa balaza, poyera, m'kabati ya matabwa yokhala ndi loko, imene bambo, mayi ndi ana akhoma ndi manja awo.

Makabati oterewa si achilendo pa dziko lapansi. Mu 1972 kampani ya Atari ku America inatulutsa gemu yotchedwa Pong, timizere tiwiri tomenyerana kampira pa sikirini. Mu 1978 ku Japan kunatuluka Space Invaders, kenako Pac-Man mu 1980. Makinawa ankaikidwa m'masitolo ndi m'malo odyera, ndipo anali ndi kabowo koponyamo ndalama yachitsulo. Eni ake ankafuna kuti gemu izitha msanga kuti wina aponyemo yake, n'chifukwa chake magemu a nthawi imeneyo ndi aafupi: mphindi zitatu, zisanu, wagonja, mpatse mnzako. Ife kabowo ka ndalama sitikukafuna, koma kufupika kumeneku tikukufuna kwambiri. Magemu ambiri a m'mafoni a lero anawapanga kuti asamathe. Ukamaliza gawo lina limatseguka, ukasiya amakuitana ndi kabelu, ndipo pakati pake pamadutsa zotsatsa malonda zimene kholo silinasankhe. Gemu yokhala ndi mapeto imapatsa mayi mpata wonena kuti, "Basi, yatha, katunge madzi."

Chinanso n'chakuti pa kabati munthu amasewera chilili. Miyendo ikatopa amachokapo yekha. Pa sofa thupi silidandaula msanga, limadzadandaula patapita zaka.

Tsopano ku matabwa. Kuno kumpoto tili ndi mwayi, paini wa ku Chikangawa sasowa, ndipo pulayi timamupeza m'mahadiweya a m'tauni. Pulayi mmodzi wathunthu amakhala masentimita 244 m'litali ndi 122 m'lifupi. Sankhani wochindikala mamilimita 12 kapena kuposerapo. Wopyapyala amapindika, makamaka ndi chinyontho cha Mzuzu cha miyezi ya June ndi July. Mukamudula pakati chamlitali mupeza zidutswa ziwiri za masentimita 61 m'lifupi. Pa chilichonse dulanipo masentimita 150, zimenezo ndiye mbali ziwiri za kabati. Zotsalazo zikwanira thabwa la mabatani ndi shelefu yokhazikapo sikirini. Kutsogolo ndi kumbuyo mukhoza kutseka ndi hadibodi, koma m'makona monse muikemo timitanda ta paini, mupake guluu, mumange ndi masikuluwu. Misomali yokha imasukusika ana akayamba kugwedeza kabati pomwe gemu yafika pokoma.

Msinkhu wa thabwa la mabatani musatengere zithunzi za pa intaneti, zimenezo anayezera akuluakulu. Muimikeni mwana wanu wapakati, apinde mkono, muyeze kuchokera pansi kufika pa chigongono, muchotsepo pang'ono. Sikirini ikhale moyang'anizana ndi maso ake kapena kutsikirako pang'ono, kuti khosi lisamakhale chogadama. Wamng'ono mum'khomere kampando kopondapo.

Ngati mulibe sowo yabwino, pitani ndi pulayiyo kwa kalipentala, alipo ambiri m'mbali mwa msewu, akuduleni zidutswa zikuluzikulu. Koma kupala ndi sandipepa, kuboola, kumanga masikuluwu ndi kupenta, zimenezo musagule. Ndi pamene pagona phindu lenileni la ntchitoyi. Mnyamata kapena mtsikana wa zaka 12 amene wagwira tepi, nayeza, nalakwitsa, nayezanso, watenga chinthu chimene sachipeza m'kachipinda ka nsalu yakuda kaja. Atsogoleri a ma Pathfinder angatichitire umboni kuti ana omwe amavuta kukhala chete m'kalasi ndi omwewo amene amaiwala njala akapatsidwa hamala. Ndipo abambo a AMO, tinene mosabisa: ambiri a ife timalankhula ndi ana athu pokhapokha pamene alakwa. Masabata atatu a Lamulungu masana mutagwirizira thabwa limodzi, nkhani zimatuluka zokha, zina zimene simukanazimva mwa njira ina iliyonse.

Podula ndi popala chitirani panja, mutavala chotchinga pamphuno, chifukwa fumbi la pulayi lili ndi guluu ndipo limautsa chifuwa kwa amene ali ndi mphumu. Makona onse muwapale akhale obulungira. Pa penti, sankhani wosungunula ndi madzi. Penti wina wa mafuta amakhala ndi mtovu, ndipo mtovu ukalowa m'thupi la mwana umawononga ubongo mwakachetechete, osabwereranso. Ana aang'ono amanyambita chilichonse.

Za m'kati mwa kabati zili pawiri. Njira yotchipa ndi kompyuta yakale, ya mtundu uja maofesi amataya poti yachedwa. Magemu aafupiwa safuna mphamvu zambiri, kompyuta ya zaka khumi ndi zisanu zapitazo imawakwanitsa bwinobwino. Njira ina ndi kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 2012 ku Britain. Kukula kwake n'ngati khadi la ku banki, kamayendera mavoti 5 ngati tchaja ya foni, moti a sola kangawayenere. Kamasunga zonse pa memori khadi, ndipo vuto lake ndi lakuti magetsi akathima mwadzidzidzi khadilo likhoza kuwonongeka. Khalani ndi lina lokopera. Ophunzira za makompyuta pa Mzuzu University amene timapemphera nawo amakadziwa bwino kachipangizoka, afunseni akuthandizeni kuikamo mapulogalamu. Sikirini yafulati ya kompyuta ya mainchesi 17 kapena 19 ndi yokwanira. Ngati ili ndi polowera pa VGA pokha, pali kachingwe kosinthira ku HDMI.

Mabatani enieni a makabatiwa pamodzi ndi kandodo kowongolera amagulitsidwa limodzi ndi kabolodi kolumikiza pa USB, koma nthawi zambiri amachita kuitanitsa kunja. Mabowo ake amakhala a mamilimita 28 kapena 30, muyeze batani lenilenilo musanaboole. Mukalephera kuwapeza musataye mtima: mapadi awiri a USB a pamsika, mutaboola timabowo todutsa zingwe zake, agwira ntchito yomweyo. Chachikulu akhale awiri. Kabati ya munthu mmodzi ndi foni yaikulu chabe.

Apa tiimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene moyo ungatayike. Ambiri muganiza zogwiritsa ntchito TV yakale ija ya chimsana kumbuyo imene ili pansi pa bedi. Musaitsegule. M'kati mwa TV zimenezi mumayenda magetsi oposa mavoti 20,000, ndipo ena amatsalira m'galasimo ngakhale mutazula pulagi masiku apitawo. Galasi lake lilinso ndi mtovu, ndipo likasweka limaphulika. Ngati ndi yokhayo muli nayo, ilowe m'kabati ili yathunthu ndi chikwama chake, shelefu yake ikhale yolimba kawiri. Magetsi a ESCOM a mavoti 230 alowe ndi chingwe chimodzi chokha, cha pulagi ya mano atatu yokhala ndi fyuzi, chopita pa ekisitenshoni yomangidwa m'katimo. Mawaya olumikiza ndi pepala la pulasitiki, kapena olowetsa mu soketi ndi timitengo ta machesi, asapezeke m'chinthu chimene ana azigwira ndi manja onyowa. TV guard ithandiza magetsi akabwera mwamphamvu atathima. Kumbuyo boolani mabowo otulutsa kutentha, m'munsi ndi m'mwamba, muwatchinge ndi sefa ya waya, apo ayi mphemvu ndi makoswe apeza nyumba yofunda. Pomaliza, mangirirani kabatiyo kukhoma ndi kachitsulo. Kabati yaitali imagwa mwana akaikwera, ndipo mwana aliyense adzaikwera.

Nanga muikamo chiyani? Pa intaneti pali mitolo ya magemu masauzande imene anthu amakopa osalipira eni ake. Poti aliyense akutero sizisintha lamulo lachisanu ndi chitatu, ndipo m'mitoloyo mumakhalanso za nkhondo, za mizimu ndi za umaliseche zimene simungaziunike zonse. Alipo magemu amene eni ake anawapereka kwaulere kwa aliyense. GCompris ili ndi masewera ambiri ophunzitsa ana aang'ono kuwerenga, masamu ndi kugwiritsa ntchito kompyuta. TuxMath ndi ya masamu othamanga, Frozen Bubble ndi yofananitsa mitundu ndipo amasewera awiri, SuperTuxKart ndi mpikisano wa timagalimoto. Ikanimo asanu kapena asanu ndi limodzi, inuyo mutayamba mwawasewera, muwayeze ndi muyeso wa pa Afilipi 4:8. Kwa ana okulirapo pali Scratch, pulogalamu yaulere yochokera ku MIT ku America, imene mwana amapangira gemu yakeyake polumikiza timabokosi ta malangizo. Mwana amene wapanga gemu n'kuona mng'ono wake akuisewera sakhutiranso ndi kungodina mabatani. Kabatiyi isalumikizidwe ku intaneti ayi.

Tisanamizane, kabati si mankhwala. Bungwe la WHO linavomereza mu 2019 kuti kukodwa ndi magemu ndi matenda. Zizindikiro zake ndi kulephera kusiya, kuika magemu patsogolo pa sukulu, chakudya ndi anthu, komanso kupitiriza ngakhale zinthu zikuwonongeka, kawirikawiri kwa chaka chathunthu. Mwana amene wafika pamenepa akufunika thandizo la achipatala ndi la abusa, osati makina ena. Bungwe lomweli limalangiza kuti khanda ndi mwana wa chaka chimodzi asamakhazikidwe pa sikirini, wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku, ndipo wa zaka 5 mpaka 17 azithamanga kapena kugwira ntchito yotulutsa thukuta kwa mphindi 60 tsiku lililonse. Kunyumba kwathu timati ola la panjalo liyambe, ntchito za pakhomo ndi homuweki zithe, kenako kiyi atuluke kwa mphindi 30 kapena 40. Pakati pake maso apumule poyang'ana kutali pa zenera. Likatsala ola limodzi kuti tigone, kabati yatsekedwa, ndi nthawi ya mapemphero a banja.

Ngati m'nyumba muli mwana wa matenda akugwa, funsani kaye kuchipatala. Kuwala kophanimaphanima kumatha kuutsa matendawa mwa ena. Ku Japan mu December 1997 ana oposa 600 anathamangira nawo kuchipatala ataonera gawo lina la katuni ya Pokémon limene linali ndi kuphanima kotereku.

Za Sabata sitichulukitsa mawu. Lachisanu dzuwa lisanalowe kabati yakhomedwa, nsalu yaphimbidwa, mpaka Sabata litatha. Ubwino wa loko ndi umenewu, simukanganirana ndi mwana sabata iliyonse. Foni ilibe poika loko wotere.

Alipo akulu ena mumpingo amene atiuza kuti nyumba ya Mkhristu siyenera kukhala ndi chinthu chotere n'komwe, kuti bawo, mpira ndi dimba n'zokwanira. Sitikutsutsana nawo. Ngati ana anu sanayambe kuzemba kupita ku tizipinda tija, musawayambitse. Khomani bawo, kapena shelefu ya mabuku, phindu la kugwirira limodzi ntchito ndi lomwelo. Kabatiyi tikuinena kwa banja limene nkhondo yafika kale pakhomo.

Mukaimaliza, dziwani kuti mbiri imveka mudzi wonse tsiku lomwelo, ndipo ana a aneba adzadza pakhonde. Alandireni, koma makolo awo adziwe kumene ali, ndipo nthawi yotseka ikhale imodzi kwa onse. Wina adzakunong'onezani kuti muzilipiritsa kangachepe ka mayunitsi a magetsi. Kanani. Mukangolandira ndalama yoyamba, mwatsegula kachipinda ka nsalu yakuda pa balaza panu, ndipo chenji ya sopo ya mayi wa khomo linalo iyamba kuthera kwa inu. Kiyi asunge mayi kapena bambo, asakhale pa msomali.