Chikomekome cha Mkuyu

Chaka chilichonse makampani akuluakulu amatulutsa mabuku onyezimira ofotokoza momwe akusamalira chilengedwe, antchito awo ndi midzi yowazungulira. Pachikuto pamakhala mwana wasukulu akumwetulira, mayi akupopa mjigo, kapena bwana wa tayi atagwada pansi kubzala mbande ya m'bawa. M'kati mwake muli mawu okoma okhaokha: tachepetsa utsi, tasamala madzi, tathetsa mchitidwe wolemba ana ntchito. Ine ndimagwira ntchito m'boma, ndipo mabuku oterewa amafika m'maofesi mwathu, amaikidwa pashelefu, fumbi n'kuwakuta. Mfundo yanga m'nkhani ino ndi imodzi. Lipoti limene kampani yalemba yokha, itasankha yokha zoti inene, popanda lamulo loikakamiza komanso popanda munthu wapadera wolitsimikizira, ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tisamafulumire kuliwombera m'manja.

Tiyambire ku Germany, dziko lotchuka ndi dongosolo. Kumayambiriro kwa mwezi wa September 2015, kampani ya Volkswagen inatchulidwa kuti ndiyo inali patsogolo mwa makampani opanga galimoto pamndandanda wa Dow Jones Sustainability Index, womwe umayamikira makampani osamala chilengedwe ndi anthu. Pasanathe sabata ziwiri, pa 18 September, bungwe loteteza chilengedwe la boma la America linaulula kuti kampaniyo inaika pulogalamu yachinyengo m'galimoto zake za dizilo. Galimoto ikazindikira kuti ikuyesedwa, imachepetsa mpweya woipa. Ikatuluka kupita pamsewu, mpweyawo umatha kufika maulendo 40 kuposa mlingo wololedwa. Kampaniyo inavomera kuti galimoto pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse zinali ndi pulogalamuyi, ndipo mkulu wake, Martin Winterkorn, anatula pansi udindo sabata yotsatira.

Funso langa ndi ili: anagwira wakubayu ndani? Amene anawerenga malipoti a kampaniyo anaipatsa ulemu. Amene anaigwira ndi akatswiri ochepa a pa West Virginia University, omwe anamangirira zida zoyezera kugalimoto n'kuziyendetsa pamsewu weniweni, ndipo zotsatira zawo zinatuluka mu 2014. Kusiyana kwake kuli pomwepo. Ena anakhulupirira pepala, ena anakayeza utsi.

Sindikunena kuti aliyense wolemba malipotiwa ndi wabodza. Vuto lagona pa kapangidwe ka ntchitoyo. Pamene palibe lamulo, kampani imasankha yokha mitu yoti ilembe, muyeso woti igwiritse ntchito, ndi chaka choti iyerekezeko. Ngati utsi unachuluka kwambiri chaka china, isankha chaka chimenecho kukhala poyambira kuti zaka zotsatira zioneke zabwino. Idzakuuzani mitengo yomwe inabzala, koma yomwe inapulumuka chilimwe chitatha simudzaimva. Idzawerenga antchito ake okhazikika omwe amalandira nsapato ndi magolovesi, n'kusiya aganyu ndi olembedwa kudzera mwa makontirakitala, amene ndiwo amagwira ntchito zoopsa. Ikafuna wotsimikizira lipotilo, imamusankha yokha ndi kumulipira yokha. Kodi mwana wasukulu atapatsidwa mwayi wolemba yekha mafunso, kuyankha yekha ndi kudzichongera yekha, angalephere mayeso?

Kwa anansi athu ku Zambia kunachitika nkhani yophunzitsa kwambiri. Mu 2015, anthu 1,826 a m'midzi ya kufupi ndi Chingola anasumira kampani ya Konkola Copper Mines ndi kholo lake, Vedanta Resources, kukhoti la ku London. Iwo ankati zinyalala za mgodi wa Nchanga zinawononga madzi omwe ankamwa, kuthirira mbewu ndi kumwetsa ziweto. Vedanta inayankha kuti mgodiwo ukuyendetsedwa ndi kampani ina ya ku Zambia, choncho mlanduwo usazengedwe ku Britain. Pa 10 April 2019, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti mlanduwo upitirire ku London komweko. Mwa zinthu zomwe oweruza anayang'ana panali lipoti la Vedanta yomweyo, momwe inkadzitamandira kuti imayang'anira nkhani za chilengedwe m'makampani ake onse. Mu January 2021 kampaniyo inagwirizana ndi odandaulawo kunja kwa khoti, osavomera kulakwa.

Taonani, abale anga, zomwe zinachitika apa. Pamene lipoti linali lokopera eni ndalama, kampani inali kholo losamala ana ake onse. Tsiku lomwe anthu a kumudzi anabwera ndi madandaulo, khololo linati mwanayu ndi wodziimira payekha. Mawu a m'lipoti anayamba kulemera pokhapokha woweruza atawanyamula. Ndipo pali choopsa china. Kampani yochenjera ikaona chigamulo chotere, imaphunzira kulemba mawu osamveka mutu, olonjeza zambiri popanda chogwirika. N'chifukwa chake zoyenera kulembedwa m'lipoti ziyenera kunenedwa ndi lamulo.

Kuno kwathu umboni ulipo wokwanira. Mu 2015 boma linaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60, majumbo aja amatseka ngalande za m'mizinda yathu ndi kupha mbuzi zikawameza. Makampani opanga mapulasitiki anathamangira kukhoti kukatenga chiletso. Mu July 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamulo la boma ligwire ntchito, koma ngakhale pambuyo pake ziletso zina zinatengedwabe. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene analimbana ndi nkhaniyi pamodzi ndi anzawo, analandira mphotho ya Goldman mu 2021. Ine ndimalemekeza ufulu wa aliyense wopita kukhoti. Koma nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti pamene kusamala chilengedwe kwakhudza phindu, mtima weniweni wa bizinesi umaonekera m'mapepala a maloya kuposa m'mabuku a zithunzi.

Nkhani ya fodya nayo ndi yomweyo. Kwa zaka zambiri takhala tikumva za mapulogalamu othetsa kugwiritsa ntchito ana m'minda ndi m'zigafa. Mu November 2019, nthambi yoona za katundu wolowa m'dziko la America inalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa padoko chifukwa cha umboni wa ntchito yokakamiza ndi ya ana. Makampani ena anachotsedwa pachiletsocho mu 2020 atapereka umboni wa momwe amalondolozera alimi awo. Onani liwiro lake! Msika utatsekeka, umboni unapezeka m'miyezi yowerengeka. Ndiye kuti makampani amatha kutsimikizira zonena zawo ngati pali wowafunsa amene ali ndi mphamvu.

Ndikudziwa zomwe ena ayankhe. Ati dziko lathu ndi losauka, likufuna anthu odzakhazikitsa mafakitale, ndipo malamulo ambiri awathamangitsa. Ati ngakhale azungu akubwerera m'mbuyo. Pamenepa akunena zoona. Mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya unakhazikitsa lamulo mu 2022 lokakamiza makampani akuluakulu kupereka malipoti otsimikizidwa, koma mu February 2025 akuluakulu a mgwirizanowo anapereka ganizo lochotsa pafupifupi makampani 80 mwa 100 aliwonse pamndandanda wa okakamizidwawo, ati pofuna kuchepetsa mtolo wa mapepala. Koma tisaiwale kuti mayiko amenewo ali ndi makhoti achangu, atolankhani a zida zokwanira, ndi oyeza madzi ndi mpweya amene salephera kupita kuntchito chifukwa chosowa mafuta a galimoto. Wokhuta akhoza kuchepetsa nsima. Wanjala akatengera zimenezo, agwa.

Komanso mtengo wa kuwononga chilengedwe sutha ayi, umangosamukira kwa wina. Fakitale ikapewa kugula makina oyeretsa madzi ake, amalipira ndi mayi wochapa kumunsi kwa mtsinje wa Mudi kapena wa Lilongwe. Amalipira ndi chipatala cha boma, ndiye kuti msonkho wanu ndi wanga. Wobweretsa ndalama amene angathawe chifukwa tamufunsa zomwe akuthira mumtsinje, ameneyo anabwera kudzafuna dzala.

Nanga tichite chiyani? Zida zina tili nazo kale. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula boma kusamala chilengedwe poganizira mibadwo yam'tsogolo. Lamulo la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA. Lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza nkhani linayamba kugwira ntchito mu 2020. Padziko lonse, bungwe la ISSB linatulutsa miyeso yake yoyamba yolembera malipotiwa mu June 2023, choncho sitikuyambira pa thengo.

Choyamba, migodi, maesiteti, mafakitale ndi makampani onse akuluakulu akakamizidwe kuulula chaka ndi chaka manambala omwe lamulo lasankha: madzi otungidwa, madzi oipa otayidwa ndi komwe atayidwa, nkhuni zowotchedwa, ngozi za pantchito kuphatikizapo za aganyu, ndi msonkho woperekedwa. Chachiwiri, wotsimikizira asankhidwe ndi bungwe la boma, ndipo azifika pamalo popanda kuchenjeza, atanyamula botolo lotungira madzi. Chachitatu, kunama m'lipoti la chilengedwe kukhale mlandu wofanana ndi kunama m'mabuku a ndalama, ndipo bwana wosainayo ayankhe ndi dzina lake. Chachinayi, chidule cha lipotilo chilembedwe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena chilankhulo cha dera lomwe kampaniyo ili, chikawerengedwe pabwalo la mfumu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anthu omwa madzi a mtsinjewo ndi amene angadziwe msanga ngati zolembedwazo n'zabodza.

Kwa akuluakulu amene amaitanidwa kukadula riboni, ndikupempha chinthu chimodzi. Mjigo ndi wabwino, mdadada wa sukulu ndi wabwino, landirani ndi manja awiri. Koma musanathokoze, funsani chiphaso cha zachilengedwe, funsani zotsatira za kuyeza madzi, funsani ngati msonkho unalipidwa. Mphatso isatseke pakamwa pa wofunsa.

Kwa alembi anzanga, ntchito yathu ndi ya mawu, ndipo tikudziwa momwe mawu amavekedwera suti. Tiyeni tiziwerenga malipotiwa monga timawerengera nthano, n'kumafunsa kuti wofotokozayu ndani, akubisa chiyani, ndipo ndani sanapatsidwe mpata woyankhula. Tikatero tipite kumtsinje, tikaone mtundu wa madzi, tidzalembe zomwe tapeza.