TIYENI TIPHUNZIRE DZIKO LATHU NDI MAPAZI

Anzanga ophunzira, ndi inu aphunzitsi athu olemekezeka, ndifuna kuika pamaso panu ganizo limodzi. Ganizolo ndi ili: mnyamata kapena mtsikana aliyense, asanatsirize Fomu 4, ayenera kuyenda ulendo wapansi wa masiku angapo pamodzi ndi anzake, ndipo sukulu yathu iyenera kuloleza maulendo otere. Ndidziwa kuti ena aseka, nati, "Kodi munthu wophunzira angadzivutirenji ndi kuyenda pansi, pamene minibasi zili mbwee pamsewu?" Ndiloleni ndiwayankhe.

Pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti, ife anyamata asanu ndi mmodzi tinanyamuka pano pa Nkhudzi kulowera ku Monkey Bay, ndipo tinadutsa m'mapiri kukafika ku Chembe, kumene alendo amati Cape Maclear. Kupita ndi kubwera tinatha masiku asanu. Katundu wathu anali ufa, mchere, machesi, mpoto umodzi, zigubu za madzi, zofunda ndi masikito.

Moyo wa paulendo uli ndi malamulo ake. Tinkadzuka tambala atangolira, chifukwa dzuwa la kunyanja likakwera, mchenga umaotcha mapazi. Wina ankasonkha moto, wina kuphika phala, wina kumanga akatundu. Dzuwa likafika paliwombo tinkapuma patsinde pa mlambe, tikumung'unya malambe ndi kupenya matuza a kumapazi. Madzulo tinkapita kwa amfumu a mudzi umene tafikamo kukapempha malo ogona, kenaka n'kukagula usipa kwa asodzi. Nsima ya paulendo imakoma koposa ya kwanu, ngakhale ndiwo zake zikhale za mchere wokha. Usiku, mwera ukaleka, nyali za asodzi zinkayaka panyanja monga ngati mudzi wathunthu wayandama pamadzi.

Phindu loyamba la ulendo wotere ndi lakuti umalinganiza anthu. M'kalasi timapikisana, ndipo wanzeru amathamanga osacheukira wotsalira. Panjira sizitheka. Tsiku lachiwiri mmodzi wa ife, amene amakhoza masamu kuposa tonse, anatupa phazi pokwera phiri. Amene anamsenzera thumba ndi mnzathu wina amene dzina lake limakhala kumunsi pa mayeso alionse. Tonse tinachepetsa liwiro, popeza ulendo wa pagulu umayenda monga ayendera wofooka. Ufa ukachepa, umachepera onse; mmodzi akachita ulesi kutola nkhuni, onse amagona ndi njala. Akuluakulu ananena kuti mutu umodzi susenza denga, koma mwambiwu umamveka bwino pamene mapewa ako akuwawa.

Phindu lachiwiri ndi lakuti zimene timaloweza m'mabuku timaziona ndi maso. Tonsefe tinaphunzira kuti amishoni a Livingstonia, pamodzi ndi Dr Robert Laws, anafika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875 pa sitima yotchedwa Ilala, ndi kuti malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe mu 1881. Koma kuima pamanda a amishoniwo, pamene anaikidwa Dr William Black amene anamwalira mu 1877, kumaposa kuwerenga tsamba lonse. Tinaonanso Mwalawamphini, mwala waukulu wokhala ndi mizere yonga mphini. Tinaona nkhwazi zikuwakha nsomba, anyani atakhala pamiyala, ndi nsomba za mbuna za maonekedwe osiyanasiyana. Boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Phiri lathu la Nkhudzi lili m'gulu la malo otetezedwawo. Kodi si zamanyazi kuti anthu amaoloka nyanja zamchere kudzaona zimenezi, pamene ife obadwira pano sitinazipondepo?

Phindu lachitatu ndi ulemu. Wokwera galimoto amadutsa midzi osapereka moni kwa munthu. Woyenda pansi ayenera kugwada, kupempha madzi akumwa, ndi kufunsa njira, pakuti safunsa anadya phula. Amaphunzira kulonjera m'Chiyao ndi m'Chinyanja, ndipo amazindikira kuti mayi wosuta nsomba, amene sanapiteko kusukulu, amadziwa nyengo ndi mphepo za panyanja koposa iye.

Tsono pali ena amene amakana, ndipo mawu awo si opanda pake. Makolo amaopa ng'ona ndi mvuu, amaopa likodzo ndi malungo, ndipo amaopa koposa za ana aakazi. Zoopsazi zilipodi. Koma zonsezi zili ndi mankhwala ake: kusamba pokhapo pamene eni mudzi aloleza, kupewa madzi odikha a m'mabango kumene kumakhala nkhono za likodzo, kuwiritsa madzi akumwa, kugona m'masikito, ndi kusayenda dzuwa litalowa. Ulendo uchitike m'miyezi yozizira, osati pa kutentha kwa Okutobala. Atsikana ayende gulu lawo pamodzi ndi aphunzitsi aakazi, ndipo polowa m'nkhalango yotetezedwa tiyambe tapempha chilolezo kwa oyang'anira. Kuletsa ulendo sikuchotsa ngozi, chifukwa anyamata amapitabe mobisa, popanda wamkulu wowatsogolera. Kuyenda awiri si mantha, ndipo kuyenda ndi mphunzitsi ndi nzeru.

Ena amati ndalama palibe. Koma ulendo wa pabasi ndiwo umafuna ndalama zambiri, ndipo ana a anthu osauka amatsala. Ulendo wapansi umafuna mbale ya ufa ndi miyendo iwiri, zinthu zimene pafupifupi tonse tili nazo. Makolo athu akale ankayenda pansi milungu yambiri kupita ku Halale ndi ku Joni kukafuna ntchito, ndipo Dr Kamuzu Banda ali mnyamata anachoka ku Kasungu wapansi mpaka ku Southern Rhodesia. Iwo ankayenda chifukwa cha umphawi ndi msonkho. Kodi ife, amene tingayende mwa kufuna kwathu, tilephere masiku asanu okha?

Chotero ndipempha aphunzitsi aakulu kuti atilole kuyambitsa kagulu ka oyenda pansi pasukulu pano, ndi kuti aphunzitsi a mbiri yakale ndi a za chilengedwe atiperekeze kamodzi pachaka. Anzanga amene mwagwirizana nane, tiyeni tilembetse maina athu kwa oyang'anira makalasi teremu ino isanathe, kuti pempho lathu likafike ku ofesi lili ndi mphamvu.

Wophunzira wa Fomu 3