Madzi Saiwala Khwawa



Lero tikambirane za madzi a mvula. Sindikunena madzi amene amalowa pansi n'kumeretsa chimanga ndi nyemba. Amenewo tonse timawakonda. Ndikunena madzi ofiira aja amene amathamanga pamwamba pa nthaka, kudutsa m'minda, m'misewu ndi m'mabwalo mwathu muno m'Chiuaula.

Maganizo anga ndi awa. Madzi amenewa tiyenera kuwakonzera njira mvula isanabwere. Tiyenera kutero pamodzi, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Tikapanda kutero, adzapitiriza kutibera nthaka ndi kutiipitsira zitsime.

Ife tili kumtunda

Mzinda wathu wa Lichinga uli pamwamba, mamita oposa 1,300 kuchokera pa nyanja ya mchere. Mvula timalandira yambiri, yoposa mamilimita 1,000 pa chaka. Yochuluka imagwa kuyambira Disembala mpaka Malichi.

Popeza tili pamwamba, mitsinje imayambira kwa ife. Madzi ena amatsikira kumadzulo, kunka ku Nyanja ya Niassa. Ena amalowa mu Lucheringo n'kukafika ku Rovuma. Tikataya zoipa kuno, akumunsi ndi amene amamwa. Ngakhale m'bairro momwe muno zili chimodzimodzi. Aliyense ali kumtunda kwa wina, ndipo aliyense ali kumunsi kwa wina.

Tiyeni tiwerengere

Mwaphunzira kuwerengera. Tiyeni tigwiritse ntchito nzeru imeneyo.

Mvula ya milimita 1 ikagwa pa malo a mita 1 m'litali ndi mita 1 m'lifupi, imasiya madzi okwana lita 1. Tsopano titenge denga la malata la mamita 8 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi. 8 kuchulukitsa ndi 6 ndi 48. Mvula ya mamilimita 20 ikagwa masana amodzi, dengalo limatsitsa malita 960. Ndowa za malita 20 zingadzaze 48. Nyumba zotere zikakhala 100, ndiye kuti malita 96,000 atsika nthawi imodzi. Pa chaka chonse, denga limodzi lokhalo limatsitsa malita oposa 48,000. Imeneyo ndi migolo 240 ya malita 200.

Nanga madzi onsewa amapita kuti? Pamene malo ano anali minda ndi udzu, madzi ambiri ankalowa pansi. Lero nyumba zachuluka. Mabwalo timasesa mpaka mbee. Misewu ndi njira zapondedwa, zalimba ngati mwala. Madzi alibe polowera. Ndiye amasonkhana, amathamanga, amakumba.

Zimene madzi amatenga

Ine ndinaphunzira mochedwa. Kamnjira kopita ku munda wanga kanali kotsetsereka. Chaka choyamba madzi anakumba kangalande kakang'ono, mwana n'kulumpha. Ndinati palibe kanthu. Patapita zaka zitatu panali chigwembe chofika m'chiuno, ndipo mizere yanga ya m'mphepete inali itagweramo. Palibe amene ndingamuloze chala. Khasu ndinali nalo, koma ndinachedwa.

Mukaona madzi ali ofiira, dziwani kuti ndi nthaka imene ikupita. Ndipo imayamba kupita ndi yapamwamba, ya chonde. Manyowa amene tinasenza pamutu amapita nawo. Feteleza amene tinagula ndi ndalama za mbatata amapitanso. Chaka chotsatira timadabwa kuti munda watopa. Sunatope ayi. Wakokoloka.

Madziwo akalowa pakati pa nyumba amatenga zina. Amatenga zinyalala, mapulasitiki, ndowe za mbuzi ndi zitosi za nkhuku. Akapeza chimbudzi chopanda denga amachidzaza, chimasefukira. Akapeza pamene mwana anadzithandizira kuseri kwa nyumba, amatsuka. Zonsezi amapita nazo kumalo otsika. Ndipo kumalo otsika n'kumene tinakumba zitsime zathu.

Madzi a m'mipope ya mumzinda muno amachokera ku damu la Locumue. Damu limenelo si lalikulu, ndipo mabanja ambiri mipope sinawafike. Choncho chitsime ndi moyo wathu. Chitsime chikaipa, banja lonse lili pangozi.

Sitinaiwale kolera

Mu Seputembala 2022 matenda a kolera anayamba m'boma la Lago, m'chigawo chathu chomwe chino cha Niassa. Mvula itayamba anafalikira, ndipo anafika muno mu Lichinga. Mu Malichi 2023 namondwe wotchedwa Freddy anagwetsa mvula yoopsa ku Quelimane ndi kumwera kwa Malawi. Madzi atasefukira ku Quelimane, odwala kolera anachuluka kwambiri.

Kolera si ufiti. Sabwera ndi mphepo, ndipo sabwera ndi mankhwala otsukira madzi. Ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'chimbudzi cha munthu wodwala. Tikalowa m'madzi akumwa kapena m'chakudya, timalowa m'mimba mwa munthu wina. Amene amatinyamula kuchoka ku chimbudzi kupita ku chitsime ndani? Nthawi zambiri ndi madzi ofiira omwe aja. Ndiye onani: chigwembe cha m'munda ndi kutsekula m'mimba kwa mwana ndi nkhani imodzi.

Zimene ena amanena

Ena amati, "Imeneyo ndi ntchito ya munisipiyo." Mbali ina akunena zoona. Kuyambira 1998 mzinda wathu uli ndi munisipiyo, ndipo ngalande za m'misewu, zinyalala ndi ukhondo wa mumzinda ndi zina mwa ntchito zake. Lamulo la Madzi la 1991 limanenanso kuti madzi a m'mitsinje ndi a pansi pa nthaka ndi chuma cha dziko lonse, ndipo limaletsa kuwaipitsa. Mlatho ndi ngalande ya simenti sitingamange ndi makasu. Koma munisipiyo sangabwere kudzalima mizere m'munda mwako. Sangabwere kudzafolera chimbudzi chako. Komanso ngalande ya simenti imakwiririka msanga ngati akumtunda akuitumizira dothi ndi mapulasitiki. Iwo ali ndi gawo lawo, ifenso tili ndi lathu.

Ena amati, "Ine ndinakumba kale ngalande kuzungulira nyumba yanga." Chabwino. Koma ngalande yakoyo imathera pati? Ngati imathera pa khomo la mnzako, sunathetse vuto. Wangolisuntha. Naye adzakumba yake, aponyere wina. Wotsiriza kumunsi ndi amene khoma lake lidzagwe usiku. Milandu yambiri ya m'nyengo ya dzinja imayamba chonchi.

Ena amati, "Nthawi tilibe, kumunda kuli ntchito." N'zoona, mu Januwale nthawi palibe. N'chifukwa chake ntchito imeneyi ndi ya m'chilimwe, tikatha kukolola, kuyambira Juni mpaka Okutobala. Amene amakumba ngalande mvula ili mkati, wachedwa kale.

Tiyambire kumtunda

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Pamene anadutsa chaka chatha, adzadutsa pomwepo chaka chino. Mawu amenewa atichenjeze, komanso atilimbitse mtima. Popeza njira yake tikuidziwa, tingathe kukonzeka.

Nzeru yaikulu ndi iyi: madzi tisawathamangitse, tiwachedwetse. Madzi oyenda pang'onopang'ono sakumba, ndipo amapeza nthawi yolowa pansi. Akalowa pansi, nthaka imawasefa, ndipo amakadzaza zitsime zathu m'chilimwe. Tichite izi.

M'munda:

1. Mizere ikhale yopingasa, isatsike ndi malo. Pezani mzere wolingana pogwiritsa ntchito mitengo itatu yomangidwa ngati lemba A, ndi chingwe cholendewera mwala. Mlangizi wa zaulimi adzakusonyezani kayezedwe kake.

2. Pa akalozera bzalani udzu wa vetiva kapena nsenjere. Vetiva abzalidwe moyandikana, masentimita 10 mpaka 15, kuti akakula atsekeretu ngati mpanda.

3. Tsekani mizere ndi timigula ta dothi, kuti mvula ikhale pamene yagwera.

4. Musatenthe mapesi. Agonekeni m'munda aphimbe nthaka.

5. Chigwembe chikadali chaching'ono, chitchingeni ndi miyala ndi zikhomo m'malo angapo, kuyambira kumutu kwake. Bzalanimo nsungwi kapena nthochi.

6. Musalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Siyani udzu ndi mitengo. Chopopera mankhwala a mbatata ndi tomato musatsukire mumtsinje kapena pa chitsime.

Pakhomo:

1. Tcherani madzi a padenga m'mgolo, ndipo muzivundikira kuti udzudzu usaswane. Otsala alowe m'dzenje la miyala kapena pa phando la nthochi, kutali pang'ono ndi khoma.

2. Chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime, mamita osachepera 30, pafupifupi mapazi 40 a munthu wamkulu. Chikhale ndi denga ndi chivundikiro, ndipo pansi pake pakwezedwe kuti madzi othamanga asalowe.

3. Chitsime chikhale ndi kakhoma kokwera, chivundikiro ndi ngalande yochotsa madzi otayika. Chotungira chikhale chimodzi, chopachikidwa, chosagona pansi.

4. Zinyalala zowola zipite ku dzenje la manyowa. Mapulasitiki asatayidwe m'ngalande.

5. M'dzinja madzi akumwa aziwiritsidwa, kapena muzithiramo Certeza. Werengani malangizo a pa botolo. Kuwerenga mukudziwa tsopano.

Za chimbudzi sitisowa kokaphunzira kutali. Muno mu Lichinga bungwe la Estamos linaphunzitsa anthu chimbudzi cha maenje awiri osazama. Munthu akatha kudzithandiza amathira phulusa ndi dothi. Dzenje limodzi likadzaza amalikwirira, n'kusamukira ku linalo. Pakapita nthawi yokwanira, pafupifupi chaka, za m'dzenje loyamba zimakhala zitasanduka manyowa a kumunda. Mtsogoleri wa ntchitoyi, Feliciano dos Santos, woyimba wa gulu la Massukos, analandira mphotho ya Goldman mu 2008 chifukwa cha ntchito imeneyi. Anthu akunja anaona kuti nzeru ya ku Niassa ndi yabwino. Ife eni ake tiitaye?

Pepala lathu

Tsopano ndifike pa chimene ndikupempha koperativa yathu.

Mvula yaikulu ikagwa, tisangobisala m'nyumba. Ikangokata, anthu atatu kapena anayi atenge kope ndi pensulo, atsatire madzi. Alembe pamene ayambira, pamene akumana, pamene akumba ndi pamene aima. Ajambule mapu a dera lathu. Chitsime chilichonse achilembe ndi kamzere kozungulira. Chimbudzi chilichonse achilembe ndi mtanda. Njira ya madzi aisonyeze ndi muvi. Amayi asasiyidwe m'gulu limeneli, pakuti ndi amene amadziwa chitsime chimene chimada mvula ikagwa.

Kukolola kukatha, tiitane msonkhano. Tiyale mapuwo pansi, aliyense aone. Tigwirizane pamene tiyambire, tsiku logwira ntchito ndi amene ayang'anire gawo lililonse. Zonse zilembedwe.

Kenaka pepalalo tipite nalo kwa sekretariyo wa bairro, atiperekeze ku munisipiyo. Tikanene kuti, "Izi tachita tokha. Izi zatikanika." Tikapemphe zinthu zinayi. Choyamba, pokonza ngalande ndi misewu azifunsa anthu okhala pamalopo. Chachiwiri, m'madambo ndi m'makwawa musagawidwe malo omangapo nyumba, chifukwa ndimo mogona madzi. Chachitatu, zinyalala za kumsika wa Chiuaula zizichotsedwa mvula isanayambe ndi m'dzinja monse. Chachinayi, mitengo ndi udzu wozungulira damu la Locumue zitetezedwe, kuti dothi lisakwirire madzi a mzinda wonse.

Munthu wopita ku ofesi ndi pakamwa pokha amaiwalika. Anthu makumi atatu opita ndi mapu ndi mayina awo olembedwa ndi manja awo saiwalika msanga. Sukulu ya akuluakulu sitinalowere kulemba dzina lokha. Tinalowera zinthu ngati zimenezi.

Mutu umodzi susenza denga. Ngakhale madzi otsika padengapo mutu umodzi sungathe kuwawongolera. Mvula idzabweranso, ndipo tikuifuna. Itipeze titakonzeka.

Mafunso okambirana

1. Kodi madzi a padenga lanu amathera pati?

2. Yezani denga lanu m'litali ndi m'lifupi. Mvula ya mamilimita 20 ikagwa, lingatsitse malita angati?

3. Pali mapazi angati kuchokera pa chimbudzi chanu kukafika pa chitsime? Chili kumtunda n'chiti?

4. Lembani m'kope mwanu malo atatu amene madzi akukumba m'dera lanu. Mubwere nawo pa phunziro lotsatira.